Makina a BP, tchati cha dokotala kapena sikani yodula: njira iti imakuuzanidi za mtima wanu?

Malume anga atabwera kuchokera ku Joni chaka china, anafika ndi envelopu yonenepa ngati ya munthu wokasuma mlandu wa munda. M'katimo munali mapepala a chipatala china cholipira komwe anakayezetsa thupi lonse: magazi, mkodzo, chithunzi cha m'chifuwa, ndi pepala lalitali la ECG, loonetsa kagundidwe ka mtima, lokhala ndi timizere tokwera ndi kutsika. Aliyense wobwera kudzawalonjera ankamutambasulira pepala limenelo pamkeka. "Mtima wanga ndi wa mnyamata, makina anena okha." Anali ndi zaka 56, mimba ili patsogolo, ndudu ili kuseri kwa khutu.

Patapita miyezi ingapo anapita pachipatala chaching'ono cha kwathu chifukwa cha chifuwa, envelopu ija ili m'khwapa. Kiliniko ofesa amene anawaona anangoiponyera diso ECG ija n'kuiika pambali. Chala chake chinakaima pa kanambala kolembedwa ndi bolopeni pakona pa tsamba loyamba: 168/102.

"Bambo, aka anakufotokozerani?"

"Anati mwina ndi kutopa kwa ntchito."

Anawakhazika kaye pansi mphindi zisanu, n'kuwamanga lamba wa makina pamkono. Nambala inali chimodzimodzi. Mlungu wotsatira inali chimodzimodzinso. Mu envelopu yonse ija, chinthu chimene chikanawagwetsa chinali chimene sanalipire ndalama yapadera kuti achione.

Chichokereni tsiku limenelo ndimakayikira munthu aliyense wondiuza kuti kuyezetsa kodula ndiye kwabwino. Njira zoonera ngati mtima wa munthu uli pangozi zilipo zambiri, ndipo iliyonse ili ndi malo ake. Koma funso lofunsa pa iliyonse ndi limodzi: zotsatira zake zikatuluka, kodi dokotala asintha chiyani pa zimene achite nane?

Nambala ya chiopsezo imatanthauza chiyani

Dokotala akanena kuti chiopsezo chanu ndi 20 peresenti, sakulosera za inu panokha. Akunena kuti titasonkhanitsa anthu 100 ofanana nanu msinkhu, BP, kasutidwe ka fodya ndi zina zotero, 20 mwa iwo adzagwidwa sitiroko kapena kutsekeka mtsempha wa mtima m'zaka 10 zikubwerazi. Ena 80 adzadutsa bwinobwino, ndipo palibe makina amene angaloze kuti inu muli gulu liti.

Phindu la nambalayi lili pa masamu a mankhwala. Tiyerekeze kuti piritsi lina limachotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a chiopsezo. Kwa anthu a 20 peresenti aja, odwala atsika kuchoka pa 20 kufika pa 15, ndiye kuti anthu asanu apulumuka. Kwa anthu a 4 peresenti, piritsi lomwelo lipulumutsa mmodzi yekha mwa 100, ena onse akumwa mwaulemu chabe. N'chifukwa chake anthu awiri a kolesitolo (mafuta a m'magazi) wofanana amatha kutuluka m'chipinda cha dokotala wina atalemberedwa mankhwala, wina atangouzidwa kuti adzabwerenso. Sikukondera ayi.

Kawerengedwe kameneka kanayambira m'tauni ya Framingham ku Massachusetts, m'dziko la America, komwe mu 1948 ofufuza anayamba kutsatira moyo wa anthu 5,209 kuti aone amene adzadwale mtima ndi chifukwa chake. Kumeneko n'kumene zinaonekera poyera kuti BP yokwera, fodya, mafuta a m'magazi ndi shuga ndizo zimatsogolera matendawa. Koma anthu a m'tauniyo anali pafupifupi azungu okhaokha, ndipo mfundo imeneyi tikumana nayo kangapo m'munsimu.

Njira yoyamba: lamba pamkono, sikelo ndi mafunso

Iyi ndi njira imene ingatheke pachipatala chilichonse chokhala ndi makina a BP ogwira ntchito. Dokotala, kiliniko ofesa kapena namwino amakuyezani BP, kulemera ndi kutalika, n'kukufunsani zaka zanu, ngati mumasuta, ndiponso ngati makolo kapena abale anu anafa ziwalo kapena kumwalira mwadzidzidzi akadali ndi mphamvu. Akatero amatha kuyang'ana pa tchati cha bungwe la WHO. Matchati amenewa anakonzedwanso mu 2019 ndipo dziko lapansi linagawidwa m'zigawo 21. Malawi, Zambia ndi Mozambique ali pa tchati cha kummawa kwa Africa, pamene Zimbabwe ndi South Africa ali pa cha kummwera. Ndi cha anthu a zaka 40 mpaka 74, ndipo chilipo cha mitundu iwiri: china chofuna zotsatira za magazi, china chosafuna labu n'komwe.

Kagwiritsidwe kake n'kokoma kukaonerera. Chala chimayamba pa mbali ya amuna kapena akazi, chimapita kwa osuta kapena osasuta, chimatsika pa mzere wa zaka, kenako chimakumaniza nambala yapamwamba ya BP ndi kunenepa kwa munthu. Pamene chaima pali kabokosi ka mtundu wake: kobiriwira ndi kosafika 5 peresenti, kachikasu ndi 5 mpaka pafupi ndi 10, kotsatira ndi 10 mpaka pafupi ndi 20, kofiira ndi 20 mpaka pafupi ndi 30, ndipo kofiira kwambiri ndi 30 kapena kuposa. Dokotala wanzeru saimira pamenepo. Amasuntha chala kuchoka kwa osuta kupita kwa osasuta, wodwala akuona ndi maso ake mtundu ukusintha. Malume anga anauzidwapo kambirimbiri kuti fodya ndi woipa, koma chimene chinawakhaza chete ndi chala chija.

Kwa anthu ambiri a kwathu kuno, ine ndimaika njira imeneyi patsogolo pa zonse, ndipo chifukwa chake n'chakuti mdani wathu wamkulu ndi BP. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'Malawi mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo oposa 9 mwa 10 mwa iwo sankadziwa. Anthu amadikira mutu, chizungulire kapena mtima kugunda kwambiri kuti anene kuti BP yakwera, chonsecho nthawi zambiri imakwera popanda chizindikiro chilichonse. Imalimbitsa mitsempha, imakulitsa mtima mpaka kutopa, imawononga impso, ndipo tsiku lina imaphulitsa kapena kutseka mtsempha wa mu ubongo. Pamaliro timati anagwa ali kubafa, ena n'kumanong'onezana za achibale a nsanje.

Zofooka za njirayi zilipo. Tchati chosafuna labu sichidziwa ngati muli ndi shuga, choncho munthu wa shuga wosadziwika chimamuonetsa ngati ali bwino kuposa mmene alili. Chimadalira kwambiri zaka, moti munthu wa zaka 42 wa BP yoipa amatha kugwera pa kabokosi kosaopsa. Apa mpamene pamafunika munthu osati pepala. Malangizo a WHO a 2021 amati BP ikatsimikizika kuti ili pa 140/90 kapena kuposa, mankhwala ayambike, kaya kabokosi kakhale kobiriwira. Ndipo munthu amene anagwidwapo kale sitiroko kapena kutsekeka mtsempha wa mtima safunikanso tchati. Iyeyo ali kale m'gulu la pangozi yaikulu.

Makina a BP a kunyumba

Anthu ena BP yawo imakwera akangoona yunifolomu yoyera, makamaka atayenda mtunda wautali, n'kuima pamzere kuyambira m'mawa mimba ili pululu. Ena ndi osiyana: kuchipatala imaoneka bwino, kunyumba ndi kuntchito ili m'mwamba. Makina a kunyumba amathandiza dokotala kusiyanitsa anthu awiriwa, ndipo pa zinthu zonse zimene munthu angagule ndi ndalama zake, awa ndi amene ndimaona kuti amabweza mtengo wake.

Gulani omanga pamwamba pa chigongono, osati a pamkono pafupi ndi dzanja, ndipo lamba wake akukwaneni. Lamba wamng'ono pa mkono waukulu amanamiza, amaonetsa nambala yokwera. Musanayeze, pitani kaye mukataye madzi, ndipo pakhale patatha theka la ola musanasute, kumwa khofi kapena kugwira ntchito yolemetsa. Khalani pampando wotsamira mphindi zisanu, mapazi onse pansi, mkono uli patebulo molingana ndi mtima, pakamwa potseka. Yezani kawiri m'mawa ndi kawiri madzulo kwa masiku 7, n'kumalemba zonse, zabwino ndi zoipa zomwe. Dokotala amataya za tsiku loyamba n'kuwerengera pakatikati pa zotsalazo. Kunyumba malire ake ndi 135/85, otsikirapo kusiyana ndi a kuchipatala.

Vuto la makinawa si makinawo koma eni ake. Wina amayeza kakhumi patsiku, nambala iliyonse ikumuonjezera mantha amene akukwezanso nambala yotsatira. Wina akaona 128/80 amati wachira, mapiritsi n'kuwaponya pansi pa bedi, osadziwa kuti nambala yabwinoyo ndi ntchito ya mapiritsi omwewo. Makina amodzi akhoza kutumikira banja lonse, ngakhale gulu la banki mkhonde kapena la amayi a kumpingo, bola aliyense akhale ndi kope lake ndipo kopelo lizikafika kwa dokotala.

Kuyezetsa magazi ndi mkodzo

Gawo lachiwiri la ntchito ya dokotala ndi labu, ndipo pa mndandanda wautali umene zipatala zolipira zimaika patsogolo panu, zofunika pa mtima ndi zochepa. Shuga woyezedwa munthu asanadye akafika 7.0 mmol/L, yomwe ndi 126 mg/dL pa makina ena, ndipo zikabwerezeka, ndiye kuti matenda a shuga alipo. Palinso HbA1c, imene imaonetsa mmene shuga wakhalira pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, malire ake ndi 6.5 peresenti. Iyi ndi yabwino chifukwa sifuna kusala chakudya, koma imatha kusocheretsa pa munthu wochepa magazi, wa matenda a sickle cell kapena amene waikidwa magazi posachedwa, ndipo anthu otere kwathu kuno si ochepa. Kenako pali mafuta a m'magazi, makamaka kolesitolo wa LDL amene amamatirira m'mitsempha. Pomaliza pali impso: creatinine m'magazi, ndi kapepala koviika mumkodzo koona ngati mapuloteni akutayika. Kapepala kameneka n'kotchipa koma anthu amakaiwala, pamene impso zikayamba kufooka chiopsezo cha mtima chimakwera nazo limodzi.

Zotsatirazi zikapezeka, dokotala amasamukira pa tchati cha labu, chimene chimawerengera shuga ndi kolesitolo m'malo mwa kunenepa. Apa mpamene anthu owonda amadabwa. Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere, koma ngakhale nkhuyu yofota imatha kukhala nazo. Pali mabanja amene kolesitolo wokwera kwambiri ndi wa chibadwa, pafupifupi munthu mmodzi mwa 250 mpaka 300, ndipo amenewa mitsempha yawo imayamba kutsekeka akadali achinyamata ngakhale azidya masamba okhaokha. Ngati bambo kapena mchimwene wanu anadwala mtima asanafike zaka 55, kapena mayi kapena mchemwali asanafike 65, muuzeni dokotala osadikira kuti afunse. Palinso mtundu wina wa mafuta wotchedwa lipoprotein(a), wotengera kumtundu, umene umakonda kukhala wokwera mwa anthu akuda. Uwu umayezedwa kamodzi pa moyo wonse, ndipo amene ali ndi mbiri ya m'banja yotereyi ndi amene angapindule nawo kwambiri.

Makompyuta owerengera a mayiko ena

Abale athu okhala ku England ali ndi mwayi umene ambiri amaunyalanyaza chifukwa cha mashifiti. Munthu wa zaka 40 mpaka 74 amene alibe kale matenda a mtima, shuga kapena impso amaitanidwa kukayezedwa kwaulere pa NHS Health Check kamodzi pa zaka zisanu zilizonse. Dokotala wa kumeneko amagwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta yowerengera chiopsezo yotchedwa QRISK3, imene imafunsa zambiri kuposa tchati cha WHO: mtundu wa munthu, dera limene akukhala, matenda a impso, mutu wa ching'alang'ala, matenda aakulu a maganizo, ngakhale vuto la kufooka kwa abambo kuchipinda, poti mitsempha ya kumeneko ndi yaing'ono ndipo imayamba kudandaula ya mtima isanayambe. Chiopsezo chikafika 10 peresenti, amakambirana nanu za atorvastatin wa 20 mg, piritsi lotsitsa kolesitolo.

Mayiko ambiri a ku Ulaya amagwiritsa ntchito SCORE2 ya 2021. Ku America kunali kawerengedwe ka 2013 kamene kankasiyanitsa azungu ndi akuda, ndipo mu 2023 bungwe la American Heart Association linatulutsa PREVENT, imene inachotsa funso la mtundu, inaonjezera impso, n'kuyambira pa zaka 30. Munthu mmodzi yemweyo akalowetsedwa mu zonsezi amatuluka ndi manambala osiyana, ndipo PREVENT kawirikawiri imapereka yotsika kuposa kawerengedwe kakale kaja.

Zonsezi zili pa intaneti, ndipo munthu ali ku Mchinji kapena ku Chipata akhoza kuzitsegula pafoni. Palibe choletsa, koma dziwani kuti iliyonse inasokedwa poyeza thupi la anthu a dziko lake. Kumene zinapangidwira, matenda ofala ndi otsekeka mitsempha ya mtima chifukwa cha mafuta. Kwathu kuno zipatala zimadzaza kwambiri ndi sitiroko ndi mtima wotopa chifukwa cha BP. Jekete la kaunjika limafunda ndithu, koma manja ake amatha kukhala aatali.

Sikani ya kashiamu, ECG ndi zina zodula

Mwa zoyeza zodula zonse, imene ili ndi mutu weniweni ndi sikani ya CT yoona kashiamu m'mitsempha ya mtima. Mafuta akakhalitsa m'khoma la mtsempha amauma n'kukhala ngati laimu, ndipo makina amatha kumuwerenga. Kawerengedwe kake kanafalitsidwa mu 1990 ndi dokotala wa ku America, Arthur Agatston. Pano sitikuyerekezanso ndi anthu 100 ofanana nanu, tikuyang'ana mitsempha yanuyanu. Sikaniyi imatenga mphindi zochepa, sifuna jakisoni, ndipo imapezeka m'zipatala zolipira za m'mizinda ngati Johannesburg, Cape Town ndi London.

Koma ntchito yake ndi yopapatiza. Imathandiza munthu wa zaka zapakati amene nambala yake yagwera pakatikati, iye ndi dokotala akukayikira ngati ayambe mankhwala a kolesitolo. Malangizo a ku America a 2018 anati zotsatira zikakhala 0 mankhwala akhoza kudikira, pokhapokha ngati munthuyo amasuta, ali ndi shuga kapena kwawo anthu amadwala mtima msanga; zikafika 100 kapena kuposa, ayambe. Kwa munthu amene ali kale pangozi yaikulu sikaniyi sisintha kanthu, mankhwala amwabe. Kwa wachinyamata imatha kuonetsa 0 mafuta ofewa alipo, chifukwa sanaume. Sinenanso chilichonse za mtsempha wa mu ubongo umene BP ikuukankha. Ndiponso walira mvula walira matope: chithunzicho chimagwirako mapapo, ndipo kadontho kosaopsa kakaoneka kamabala sikani ina, ndalama zina ndi miyezi yosagona tulo.

ECG ija ya malume ndi chida chabwino pa ntchito yake. Imagwira mtima wogunda mosalongosoka, umene umatha kuyambitsa sitiroko, imaonetsa ngati mtima wakhuthala chifukwa cha BP ya nthawi yaitali, ndipo munthu akafika chifuwa chikumuthina ndiyo yoyamba kufunika. Koma ECG yabwino sikutanthauza kuti mitsempha ili yotseguka. Mu 2018 gulu la akatswiri olangiza za kapewedwe ka matenda ku America linanena kuti anthu opanda zizindikiro ndiponso a chiopsezo chochepa asamayezedwe ECG pofuna kusaka matenda a mtima. Eko, yomwe ndi sikani yoona mtima ukugunda, ndi ya munthu wobanika, wotupa miyendo kapena amene dokotala wamva phokoso lachilendo pomvetsera pachifuwa. Kuyeza DNA, yomwe ndi zimene munatengera kwa makolo, potumiza malovu kunja kuti akuuzeni chiopsezo chanu, ndalama zake kaguleni ndiwo: kafukufuku wambiri amene mayesowa aimapo anachitika pa azungu, ndipo pa anthu a ku Africa salondola bwino. Wotchi ya pamkono yowerenga kugunda kwa mtima ndi yabwino pokukumbutsani kuyenda.

Chimodzi chisasokonekere. Zonse zimene tikuyerekeza pano ndi za munthu amene akumva bwino. Chifuwa chikathina ngati mwasanjikidwa thumba la chimanga, ululu n'kumatsikira kumkono kapena kukwera kunsagwada, kapena pakamwa pakapotoka, mkono kulefuka, mawu kusokonekera, imeneyo si nthawi ya tchati kapena yodikira kuti kuche. Pezani galimoto.

Anthu amene matchati sawaona bwino

Oyamba ndi amene ali ndi HIV. Ngakhale munthu akumwa ma ARV mokhulupirika, kachilombo katagona, chiopsezo chake cha matenda a mtima ndi sitiroko chimakhala chokwera, pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi mnzake wopanda kachilombo, ndipo matchati ambiri sawerengera zimenezi. Kafukufuku wa REPRIEVE, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2023, anatsatira anthu 7,769 a zaka 40 mpaka 75 okhala ndi HIV m'mayiko 12, ena a mu Africa, amene makompyuta ankati chiopsezo chawo n'chochepa kapena chapakati. Amene ankamwa pitavastatin, piritsi lotsitsa kolesitolo, tsiku lililonse, mavuto aakulu a mtima ndi mitsempha anachepa ndi 35 peresenti. Izi n'zoti mukambirane ndi amene amakupatsani mankhwala, osati kukagula nokha, chifukwa mnzake wotchedwa simvastatin sagwirizana ndi ma ARV okhala ndi ritonavir. Mwayi umene muli nawo ndi wakuti mumafika kale kuchipatala nthawi ndi nthawi. Ku Neno, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo mogwirizana ndi boma linaphatikiza kiliniki ya ma ARV ndi ya BP, shuga ndi matenda ena okhalitsa kuti munthu aonedwe zonse pa ulendo umodzi. Kumene sizinaphatikizidwe, tambasulani mkono nokha: "Adokotala, mundiyezekonso BP."

Achiwiri ndi amayi amene BP inakwera ali oyembekezera, amene anatupa kapena kukomoka pa nthawi yobereka, kapena amene shuga anakwera ali ndi pakati. Mwana akabadwa zinthu zimaoneka ngati zatha, koma mayi wotere amakhala pangozi yokulirapo ya BP ndi sitiroko m'zaka za m'tsogolo. Buku la sikelo lija musakolezere moto.

Achitatu ndi ana ndi achinyamata, amene matchati onsewa sawadziwa n'komwe. Zilonda za pakhosi zoyamba ndi mabakiteriya, zikapanda kuchizidwa ndi penisilini, zimatha kuchititsa thupi kuwononga lokha zitseko za m'kati mwa mtima. Zimakonda ana a zaka 5 mpaka 15, ndipo zotsatira zake zimaoneka patapita zaka: mtsikana wobanika pokwera kaphiri, kapena wodwala mtima pa mimba yoyamba. Kwa amenewa chofunika si kolesitolo koma khutu la dokotala, eko, ndi jakisoni wa benzathine penicillin milungu itatu kapena inayi iliyonse kwa zaka zambiri. Ndondomeko ya PEN-Plus, imene mayiko a mu Africa anaivomereza pansi pa WHO mu 2022, cholinga chake china n'kufikitsa chithandizo chotere pazipatala za m'maboma.

Nambala yadziwika, nanga tsopano?

Mkangano wa kusintha kadyedwe kapena kumwa mankhwala ndi wa anthu amene sanadwale. Kwa wa kabokosi kobiriwira ndi BP yabwino, kadyedwe ndi kuyenda n'zokwanira. Kwa wa kofiira, zimafunika zonse. Kusiya fodya, kaya wa m'paketi kaya chingambwe, kumaposa china chilichonse chimene wosuta angachite. Mchere usapose magalamu 5 patsiku, osadzaza n'komwe kasupuni ka tiyi, ndipo muwerengere wa mu usipa wouma, m'zokometsera ndiwo za m'mapaketi, mu soseji, mu buledi, ndi uja wa pambali pa kanyenya ndi tchipisi umene timasinjamo nyama iliyonse. Soda wa mu therere nayenso ndi m'bale wake wa mchere. Kuyenda mwandawala mphindi 150 pa mlungu kumakwana. Wolima ndi khasu amapyola pamenepo osadziwa, vuto lili kwa ife a m'maofesi amene timakwera kabaza pa mtunda woti n'kuyenda. Chiuno chisapose theka la kutalika kwanu, ndipo chingwe wamba chikhoza kuyeza zimenezi: chidulidwe kutalika kwanu, chipindidwe pakati, chizungulire pamimba.

Pa mankhwala a BP tili ndi umboni wa kwathu konkuno. Kafukufuku wa CREOLE wa 2019, amene anachitika m'mayiko 6 a mu Africa kuphatikizapo Mozambique, anapeza kuti pa anthu akuda, mapiritsi awiri ophatikiza okhala ndi amlodipine anatsitsa BP bwino kuposa perindopril wophatikiza ndi hydrochlorothiazide. Anthu ambiri amafunika mitundu iwiri kapena itatu, ndipo kuonjezeredwa piritsi si chizindikiro chakuti mwatsala pang'ono. Amlodipine amatha kutupitsa akakolo, enalapril amatha kuyambitsa kachifuwa kouma ndipo ndi woletsedwa kwa mayi woyembekezera. Zikatero bwererani akakusinthireni, osangosiya mwakachetechete.

Asipirini ndiye amene anthu amadzilembera okha, ati achepetse kulimba kwa magazi. Kwa amene anatsekekapo mtsempha wa mtima kapena wa mu ubongo ndi wofunika, dokotala akalemba. Kwa munthu wabwinobwino phindu lake n'lochepa ndipo amatha kuyambitsa kutaya magazi m'mimba kapena mu ubongo, makamaka BP ili yosalamulirika. Mu 2022 akatswiri a ku America aja analangiza kuti anthu a zaka 60 kupita m'mwamba asayambe kumwa asipirini pofuna kupewa matenda amene sanawagwirepo. Mapiritsi a ululu monga ibuprofen ndi diclofenac, amene timagula pagolosale msana ukavuta, amakweza BP ndi kulemetsa impso akamamwedwa kawirikawiri. Za adyo, ndimu ndi chammwamba, idyani monga ndiwo. Ngati mukukhulupirira kuti zikutsitsa BP, makina aja alipo, yezani masiku 7 mukaonetse adokotala.

Ndiye munthu atenge njira iti? Wa zaka za m'ma 20 ndi 30 wopanda vuto, BP kamodzi pachaka ndi mbiri ya banja lake. Wofika 40, aonjezere shuga, impso ndi kolesitolo ngati labu ilipo, ndipo apemphe kuti amuwerengere pa tchati. Wa ndalama zoti asankhe chinthu chimodzi, makina a BP. Wa inshuwalansi kapena wokhala kunja amene nambala yake yaima pakati, sikani ya kashiamu ikhoza kudula mlandu. Ndipo pa zonsezi, ndi bwino kumaonedwa ndi munthu mmodzi kapena kiliniki imodzi, buku lanu la kuchipatala likhale limodzi, kusiyana ndi kumangosintha madokotala aliyense n'kumayamba nkhani pachiyambi.

Buku la malume pano lili ndi mzere wa manambala wolembedwa ndi zolembera zosiyanasiyana: 168/102, kenako 156/96, kenako 170/100 mwezi umene mankhwala anawathera iwo n'kukhala chete, kenako 138/86. Fodya anasiya kawiri, kachiwiriko n'kumene kwagwira. Akafika pampando amapinda okha mkono wa malaya asanauzidwe, ndipo kiliniko ofesa uja amayamba ndi kufunsa za chimanga asanafunse za mapiritsi. Envelopu ya ku Joni ikadalipo m'sutikesi, koma pano amasungiramo malisiti a feteleza.